Chikomekome cha Mkuyu: Kuunika Sewero la Mad Men

Pamsika uliwonse pamapezeka ogulitsa amitundu iwiri. Wina amangoyala katundu wake n'kukhala duu, kudikira ogula. Wina amadziwa kuitanira malonda, ndipo ameneyu ndiye amayamba kuweruka, ngakhale tomato wake asasiyane konse ndi wa mnzake uja. M'maiko olemera ntchito yoitanira malondayi idakula kwambiri mpaka kukhala ndi makampani akeake. Makampani amenewa sapanga sopo, nsapato kapena galimoto ayi, koma amalandira ndalama zankhaninkhani chifukwa chopeka mawu ndi zithunzi zokopa ogula. Sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Mad Men limakamba za anthu ogwira ntchito imeneyi. M'chimangirizo chino tiona chimene chimachititsa kuti seweroli likondedwe ndi anthu ambiri, ndiponso tiona pamene lidaperewera.

Seweroli adalipeka ndi Matthew Weiner, ndipo lidaonetsedwa pa kanema ya AMC ku America kuyambira m'chaka cha 2007 mpaka m'chaka cha 2015. Lili m'zigawo zikuluzikulu 7, ndipo lonse pamodzi lili ndi magawo 92. Kwa zaka zinayi zotsatizana, kuyambira mu 2008 mpaka mu 2011, lidalandira mphotho ya Emmy monga sewero lopambana onse. Nkhani yake imachitikira mumzinda wa New York pakati pa chaka cha 1960 ndi chaka cha 1970, m'kampani yongopeka yotchedwa Sterling Cooper. Dzina la seweroli lidachokera ku Madison Avenue, msewu umene udatchuka ndi makampani otsatsa malonda, koma m'Chingerezi dzinali limamvekanso ngati likunena za amuna amisala. Matanthauzo awiri onsewa ndi oyenera.

Mtengambali wamkulu ndi Don Draper, ndipo amene adasewera mbali imeneyi ndi Jon Hamm. Don ndi mwamuna wooneka bwino, wovala mwaudongo, wosayankhula wamba, ndipo ndiye mkulu wa onse opeka mawu otsatsira malonda pakampanipo. Luso lake timaliona m'gawo loyamba lenileni. Ndi m'chaka cha 1960, ndipo magazini ayamba kulemba kuti kusuta kumayambitsa khansa. Boma silikulolanso kuti otsatsa fodya azinena kuti ndudu zawo n'zabwino m'thupi. Eni ake a ndudu za Lucky Strike abwera kudzamva zimene Don wawakonzera, koma iye alibe mfundo ina iliyonse. Msonkhano uli pafupi kupasuka, Don amawafunsa kuti afotokoze m'mene amakonzera fodya wawo. Mwa zina, iwo amatchula kuti amamuwamba pamoto. Pomwepo Don amagwira mawu amenewo nati ndiwo alembedwe pa zotsatsa zonse. Eni fodya amadabwa, popeza makampani onse amawamba fodya wawo chimodzimodzi. Don amawayankha kuti zimenezo zilibe kanthu: anthu akamva za fodya wa ena adzakumbukira poizoni, koma akamva za Lucky Strike adzakumbukira kuwamba.

Chochitika chimenechi ndicho nsanamira ya sewero lonse. Taonani kuti Don sadaname. Fodyayo amawambidwadi. Iye adangosankha choona chaching'ono, chopanda ntchito, n'kuchiimika patsogolo kuti chiphimbe choona chachikulu, chimene ndi imfa. Apa mlembi akutiphunzitsa kuti wotsatsa waluso safunika kunena bodza. Amangotembenuza maso athu kuti ayang'ane kwina. Zoona zake n'zakuti mawu onena za kuwamba fodyawa kampani ya Lucky Strike idayamba kuwagwiritsa ntchito kale kwambiri chisanafike chaka cha 1960. Weiner adawasuntha dala n'kuwaika m'kamwa mwa Don chifukwa amaonetsa bwino lomwe mtima wa ntchito yotsatsa malonda.

Chinthu choyamba chimene chimakometsa seweroli n'chakuti Don mwini wakeyo ali ngati chotsatsa malonda choyenda ndi miyendo. Pang'onopang'ono timazindikira kuti dzina lake lenileni ndi Dick Whitman. Mayi wake adali mkazi woyendayenda ndipo adamwalira pomubereka. Bambo wake, mlimi wosauka ndi chidakwa, adafa atamenyedwa ndi hatchi, ndipo mwanayo adakulira m'nyumba ya akazi oyendayenda, mosakondedwa ndi wina aliyense. Ali ku nkhondo ya ku Korea, mkulu wake wa asilikali, Donald Draper, adafa pa ngozi ya moto. Dick adasinthanitsa tizitsulo tolembedwa maina timene asilikali amavala m'khosi, nabwerera kwawo ndi dzina la munthu wakufa. Kuyambira pamenepo adadzipanga yekha monga momwe amapangira zotsatsa zake: adasankha zoti anthu aone, nabisa zina zonse.

Akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Don adaphwanya mwambi umenewu, ndipo seweroli limationetsa mtengo wake. Mng'ono wake, Adam, amaona chithunzi chake m'nyuzi n'kumulondola mwachimwemwe. Adam safuna ndalama. Akungofuna mbale wake. Don amamupatsa madola 5,000 namuuza kuti achoke mumzindamo ndipo asadzamufunefunenso. Patapita nthawi pang'ono Adam amadzimangirira. Mlembi sadaike munthu wina aliyense woti adzudzule Don pa zimenezi. Amangotisiya kuti tione tokha kuti munthu amene adazolowera kugula ndi kugulitsa chilichonse adayesa kugula ngakhale kuiwalika kwa mbale wake.

Ngakhale chinsinsi cha Don chikaululika kuntchito, sizimuthera monga momwe tingaganizire. Mnyamata wina wa nsanje, Pete Campbell, amakamuneneza kwa Bert Cooper, mmodzi wa eni kampani. Cooper amangoonetsa kuti alibe nazo ntchito. Kwa iye, malinga Don akubweretsa ndalama, dzina lake lingakhale lina lililonse. Apa seweroli likudzudzula gulu lonse la anthu amene amalemekeza chooneka ndi maso kuposa choonadi.

Chinthu chachiwiri, chimenenso ndi luso lalikulu la mlembi, n'chakuti seweroli limayamba latikopa ife oonera lisanationetse msampha. Chitsanzo chodziwika kwambiri chili kumapeto kwa chigawo choyamba. Akuluakulu a kampani ya Kodak abweretsa makina atsopano oonetsera zithunzi pakhoma, amene ali ndi mbale yozungulira yoikamo zithunzizo. Iwo akufuna kuti chotsatsa chitamande luso la makinawo. Don amazimitsa magetsi n'kuyamba kuonetsa zithunzi za banja lake lomwe: tsiku la ukwati wake, mkazi wake Betty ali ndi pakati, ana ake akusewera. Akuonetsa zithunzizo, amayankhula motsitsa mawu za ululu umene munthu amamva akamalakalaka kubwerera kumene adakondedwa. Mmodzi wa anzake apantchito, amene banja lake lili pa mavuto, amatuluka m'chipindamo akulira. Woonera aliyense naye amagwidwa mtima. Koma Don akafika kwawo usiku womwewo amapeza nyumba ili zii. Mkazi ndi ana apita kukachita chikondwerero kwa achibale, ulendo umene iye adakana kupita nawo. Amakhala yekha pamasitepe.

Pamenepa mlembi watichita zomwe Don amachita ogula. Tidakhulupirira zithunzi zija ngakhale tinkadziwa bwino lomwe kuti Don ndi wachimasomaso, ndipo banja lakelo lili m'ming'alu yokhayokha. Phunziro lake ndi lozama. Chimene chotsatsa chimagulitsa ndi njala ya mumtima: kufuna kukondedwa, kufuna ulemu, kuopa kutsalira. Katunduyo amangokhala ngati mbale yoperekeramo. Don amaposa anzake onse pa ntchitoyi chifukwa njala imeneyi amaidziwa kuchokera ku ubwana wake. Iye amagulitsa banja lachimwemwe mwaluso chotere chifukwa sadakhalepo nalo.

Chinthu chachitatu ndi m'mene seweroli limaonetsera moyo wa akazi m'zaka zimenezo. Peggy Olson, amene mbali yake adasewera ndi Elisabeth Moss, amayamba ntchito m'gawo loyamba monga sekilitale wa Don. Pa tsiku lake loyamba amalangizidwa za kavalidwe kokondweretsa amuna kuposa za ntchito. Tsiku lina atsikana a mu ofesi amauzidwa kuti ayese mitundu ya zopaka pamilomo, amuna akuwaonerera mobisika ngati nyama za kumalo osungirako zinyama. Mawu ena amene Peggy amanena mosaganizira amadabwitsa mmodzi wa amunawo, ndipo kuyambira apo amapatsidwa mpata wopeka mawu otsatsira malonda. Kukwera kwake sikubwera ngati mphatso. Amabereka mwana mosayembekezera n'kumupereka kwa ena kuti amulere. Amagwira ntchito usiku ndi usana, amuna anzake akumunyoza, ndipo nthawi zina nzeru zake zimatamandidwa m'dzina la Don.

Gawo limene ambiri amaliyesa lopambana onse limachitika usiku wa pa 25 May 1965, pamene Muhammad Ali ankamenyananso nkhonya ndi Sonny Liston. Anthu onse apita kukaonera nkhonyazo, koma Don waumiriza Peggy kuti atsale akonze chotsatsa cha masutikesi a Samsonite, ngakhale ndi tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Peggy amadandaula kuti Don samuthokoza. Don amamukalipira kuti malipiro ake ndiwo kuthokozako. Chimene Peggy sakudziwa n'chakuti Don akuopa kuimba telefoni ku California, kumene Anna, mkazi wamasiye wa Draper weniweni uja, akumwalira. Anna yekha ndiye adamudziwa Don monga Dick, namukondabe. Kukacha Don amaimba, namva za malirowo, n'kulira pamaso pa Peggy. M'gawo lonseli mulibe mfuti kapena kuthamangitsana pagalimoto. Muli anthu awiri okha ndi mawu awo, koma woonera sachotsa maso.

Joan Holloway, mkulu wa masekilitale, ali ndi nzeru zoyendetsera kampani yonse, koma amuna amangoona kukongola kwake. Pamene kampani ikulimbirana kutsatsa galimoto za Jaguar, mmodzi wa anthu oyenera kuvomereza amanena kuti adzavomera pokhapokha atagona ndi Joan. Eni kampani ambiri, m'malo momuthamangitsa munthuyo, amakambirana za mtengo. Joan, amene akulera yekha mwana, amavomera posinthanitsa ndi magawo 5 pa 100 aliwonse a umwini wa kampaniyo. Mlembi adalukanitsa chochitika chimenechi ndi mawu a Don pamene akutsatsa galimotoyo monga chinthu chokongola chimene mwamuna angathe kuchigula n'kukhala chakechake. Sipafunikanso wina wotimasulira. Pamsika umenewu mkazi ndi galimoto zaikidwa pa mphasa imodzi.

Chinthu chachinayi ndi kagwiritsidwe ntchito ka mbiri. Zochitika zikuluzikulu za dziko la America zimalowa m'seweroli kudzera pa wailesi ndi pa kanema, monga momwe zimalowera m'moyo wa munthu wamba. Kuphedwa kwa Pulezidenti John F. Kennedy mu November 1963 kumasokoneza ukwati wa mwana wa Roger Sterling, ndipo m'masiku omwewo Betty, amene anali atatulukira kale zinsinsi za mwamuna wake m'kabati yokhoma, amamuuza kuti sakumukondanso. Usiku umene anthu adaponda pamwezi, mu July 1969, ndiwo usiku umene nkhalamba Cooper amamwalira. Koma mbiri imene mlembi adaisamala koposa ndi ya fodya. Mu 1964 mkulu wa zaumoyo m'boma la America adatulutsa lipoti lotsimikiza kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo. M'seweroli, Lucky Strike ikachoka pakampanipo mu 1965, Don amalemba kalata yodzaza tsamba lonse la nyuzi ya The New York Times yolengeza kuti sadzatsatsanso fodya chifukwa amapha anthu. Anthu ena amamutama, koma ife tikudziwa kuti ngakhale kulapa kumeneku n'kutsatsa malonda: akufuna kuti zioneke ngati ndiye wakana fodya, pamene fodya ndiye wamukana. Iye mwini amapitiriza kusuta. Mu 1970, pafupi ndi mapeto a seweroli, Betty, amene tamuona ndi ndudu m'manja kuyambira pachiyambi, amapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Ngongole imene idatengedwa m'gawo loyamba yabwezedwa patapita zaka khumi, ndipo woilipira ndi mayi wa ana a Don. Kwa ife a ku Malawi nkhani imeneyi si yachilendo kwenikweni, pakuti fodya wa bale amene alimi athu amalima amakathera m'ndudu za makampani akunja. Mbali ya kumunda ndi ya ku okushoni timaidziwa. Seweroli limationetsa mbali ina, kumene kumapangidwa chilakolako cha wosuta.

Komabe seweroli lili ndi zofooka zake, ndipo wolikonda moona sayenera kuzibisa. Choyamba, anthu akuda ali kumphepete kwenikweni. Zaka za m'ma 1960 ndizo zidali zaka zomenyera ufulu wa anthu akuda ku America, koma m'seweroli iwo ndi operekera zakumwa, oyendetsa chikepe ndi antchito a m'nyumba. Carla amalera ana a Don kwa zaka zambiri, kenaka Betty amamuchotsa ntchito mwankhanza, ndipo sitimuonanso. Dawn Chambers, sekilitale woyamba wakuda pakampanipo, amafika m'chigawo chachisanu, koma za moyo wake timamva zochepa. Ngakhale imfa ya Martin Luther King Jr. mu 1968 timaiona makamaka m'maso mwa azungu. Otchinjiriza seweroli amati umo ndi m'mene maofesiwo adalili, ndipo n'zoona. Koma mlembi amene adatha kutilowetsa m'nyumba ya Peggy ndi ya Joan akadathanso kutilowetsa m'nyumba ya Carla.

Chofooka chachiwiri n'chobisika. Seweroli n'lokongola kwambiri m'maso. Masuti, madiresi, mipando ndi galimoto zonse zidasankhidwa mosamala kuti zifanane ndi za nthawiyo, ndipo utsi wa ndudu umajambulidwa mokopa. Chifukwa cha ichi oonera ena adangotengeka ndi maonekedwe a Don, nayamba kumusirira, osaona kuti munthuyo akumira m'mowa ndi m'kusungulumwa. Kumayambiriro kwa gawo lililonse timaona chithunzi cha munthu akugwa kuchokera pamwamba pa nyumba zosanja, akudutsa zikwangwani za malonda, koma pomaliza timamuona atakhala pampando mosatekeseka, ndudu ili m'manja. Ena adangoona mpandowo, naiwala kugwa kuja. Sewero lochenjeza za chikomekome cha mkuyu lidakhalanso mkuyu wokoma kunja, ndipo si onse adaung'amba kuti aone nyerere. Palinso amene amadandaula kuti nkhani yake imayenda pang'onopang'ono, ndi kuti Don amabwereza zolakwa zomwezo: mkazi watsopano, mowa, kuthawa. Dandaulo ili ndi losalimba, pakuti kubwerezako ndiko mfundo ya mlembi. Munthu sasinthika chifukwa chakuti wasintha dzina, mkazi kapena ofesi.

Mathero a seweroli ndiwo amasonkhanitsa zonsezi. Kampani yamezedwa ndi ina yaikulu, McCann Erickson, ndipo Don wathawa ntchito n'kuyendayenda mpaka kukafika kumalo ena a m'mbali mwa nyanja ku California kumene anthu osweka mtima amakafunafuna mtendere. Kumeneko munthu wina wamba, Leonard, amafotokoza maloto ake: adalota ali pashelefu m'firiji, anthu akutsegula chitseko, kuyang'ana, koma osamusankha. Don, amene moyo wake wonse wakhala akudziika pashelefu kuti asankhidwe, amadzuka n'kumukumbatira akulira. M'mawa wina timamuona atakhala pansi, maso ali chitsinzire, akumwetulira. Nthawi yomweyo pamabwera chotsatsa chenicheni cha Coca-Cola cha m'chaka cha 1971, m'mene achinyamata amitundu yosiyanasiyana aima paphiri ku Italy akuimba za mtendere, aliyense botolo lili m'manja. Chotsatsa chimenechi chidapangidwadi ndi McCann Erickson, ndipo mwini ganizo lake adali Bill Backer, koma seweroli likufuna tiganize kuti Don ndiye adabwerera ku ntchito n'kukachipanga.

Kodi pamenepa Don wachira, kapena wangopeza chinthu china chogulitsa? Oonera akhala akutsutsana pa funso limeneli kuyambira mu 2015. Yankho loyenera n'lakuti zonse ziwiri n'zoona. Misozi yake idali yeniyeni, monganso zithunzi za banja lake zidali zenizeni, monganso fodya uja ankawambidwadi. Don sagulitsa zabodza. Amatenga zoona za mumtima mwake n'kuzimata pa botolo. Ili ndilo luso lake, ndipo ili ndilonso tsoka lake, pakuti palibe chimene angachimve mumtima popanda kuchisandutsa malonda.

N'chifukwa chake seweroli ndi loyenera kulilingalira ngakhale kwa munthu amene sadapondepo ku New York. Masiku ano oitanira malonda sali pamsika pokha. Ali pa wailesi, pa zikwangwani za m'misewu, ndi m'mafoni amene timayenda nawo m'matumba. Amatiuza kuti mafuta akutiakuti adzatisandutsa okongola, kuti kubetcha pa mpira kudzatilemeretsa, kuti ngongole yapafoni ndi bwenzi la pa mavuto. Woonera Mad Men mwachidwi amatuluka ndi mafunso atatu oti azifunsa chotsatsa chilichonse. Kodi chikundilonjeza chiyani choposa katunduyo? Kodi ndi njala iti ya mumtima mwanga imene chaigwira? Nanga ndi choona chiti chimene chaikidwa patsogolo kuti ndisaone china? Makolo adanena kale kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Weiner adatenga magawo 92 kuti ationetse amalondawo, ndipo chodabwitsa n'chakuti adatichititsa kuwamvera chisoni, pakuti nawonso adali mbuzi pa msika womwewo.